Postdoc ya khansa ya m'magazi: inu a malungo ndi HIV musadzichotse nokha pamzere

Ma advert a postdoc (ntchito ya kafukufuku ya munthu amene wamaliza PhD) a immunology ndi khansa ya m'magazi akutuluka ndithu masiku ano, pa jobs.ac.uk, pa EURAXESS, pa Nature Careers, ena mapulofesa amangowaponya pa LinkedIn, nde ine ndikawaona ndimawatumiza ku gulu lathu lija la pa WhatsApp la anthu amene tinadutsira mma labu akumudzi. Yankho lake limakhala limodzimodzi: "aaa akulu, ine za khansa sindinapangeko, ine ndi wa malungo", wina "ine ndi wa HIV". Zimandiwawa mumtima zimenezi, chifukwa woyankhayo ndi munthu woti PhD yake yonse wathera pa flow cytometer akuyang'ana ma B cell, naive, memory, atypical memory amazisiyanitsa osachita kufunsa munthu, koma akudzichotsa yekha asanawerenge nkomwe advert mpaka pansi. Nde ndati ndilembe kamodzi bwinobwino, wina akafunsa ndizingomulozera pano.

Khansa ya m'magazi, anzanga, ndi khansa ya asilikali a m'thupi omwewo amene mwakhala nawo zaka zonsezi. Lymphoma zambiri ndi B cell imene yasokonekera, zina ndi T cell. Myeloma ndi plasma cell, ija imapanga ma antibody, imene yayamba kuswana osaleka m'mafupa. Leukemia zambiri zimayambira m'mafuta a m'mafupa maselo asanakhwime. Ma marker ake ndi omwewo, CD19, CD20, CD3, CD38, makina ake omwewo, manja ake omwewo. Chimene mukusowa ndi kuwerenga kwa miyezi ingapo basi, osati PhD ina ayi.

Tiyambe ndi Burkitt poti imeneyi nde yathu yeniyeni. Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni amene ankagwira ntchito ku Mulago ku Kampala, analemba za chotupa cha m'nsagwada za ana mu 1958. Mu 1961 anakwera galimoto ndi anzake awiri nkuzungulira zipatala za kummawa ndi kumwera kwa Africa, ku Nyasaland anadutsakonso, akungofunsa madokotala kuti kodi ana otupa chonchi mumawaona kuno? Atayika mayankho pa mapu anaona kuti matendawa akutsata madera otentha, otsika, amvula, kumapiri kozizira ngosowa, ndipo mapu amenewo anapezeka kuti akufanana ndi mapu a malungo. Chaka chomwecho anayankhula ku London, pagulu la omvera panali Anthony Epstein amene anapempha kuti azimutumizira zidutswa za zotupazo kuchokera ku Uganda, ndipo mu 1964 iye ndi Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachilombo ka EBV (Epstein-Barr virus) m'maselo amenewo, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Odwala ana a kwathu ku Africa, ma sample kukwera ndege, zotulukira kukatulukira ku London. Mugwire pamenepo, kutsogoloku tikambanso.

Chimachitika ndi chani mkatimo? B cell ikakumana ndi mdani imalowa mu germinal centre, mmenemo imadula ndi kusintha DNA yake yomwe mwadala pogwiritsa ntchito enzyme yotchedwa AID kuti ipange antibody yabwinopo. Mwana wa ku Nsanje kapena ku Nkhotakota amene akudwala malungo mobwerezabwereza, ma B cell ake sapuma, ali ngati telala wapakhonde sabata ya Khirisimasi, nsalu zadzadza, akudula nkusoka usiku ndi usana mpaka tsiku lina kusokerera mkono wa diresi la wina pa shati la wina. Chidutswa cha chromosome 8 chimene chili ndi gene ya MYC chimakalumikizidwa ku chromosome 14 pomwe pali gene ya antibody imene mu B cell imakhala yoyaka nthawi zonse, nde MYC nayo imayaka osazima, selo kumangogawikana. Selo yolakwika chonchi imayenera kudzipha yokha, koma EBV, imene ana athu ambiri amaitenga asanayambe nkomwe sukulu, imaithandiza kuti isafe, pomwe malungo afooketsanso ma T cell amene amayenera kulondera EBV yo. Tsono funso limene anthu akulimbana nalo mpaka lero: ana a malungo ndi EBV alipo mamiliyoni, bwanji amene amadwala Burkitt ndi ochepa chabe? Chikusiyana ndi chani, mtundu wa EBV, chibadwa cha mwana, zaka zimene anatengera kachilombo, ma NK cell? Ann Moormann wakhala akufufuza zimenezi ku Kisumu ku Kenya, Sam Mbulaiteye wa ku NCI, bungwe la boma la America lofufuza za khansa, ali ndi kafukufuku wa EMBLEM. Nde inu wa malungo mukati za khansa si zanu, funso limeneli aliyankhe ndani?

Amene munalowapo mu wodi ya ana a khansa mukudziwa zimene ndikunena. Mwana wa zaka mwina zisanu ndi ziwiri, tsaya mbali imodzi latupa mpaka diso lakankhidwira mmwamba, mano akugwedera, nsima ikukanika kutafuna, amayi ake akhala pansi pambali pa bedi atafunda chitenje akumupatsa phala ndi kasupuni pang'onopang'ono. Chotupa chimenechi chimakula mwachangu kuposa pafupifupi khansa ina iliyonse, tsiku limodzi kapena awiri maselo amakhala atawirikiza. Koma akalandira mankhwala a cyclophosphamide chimaphwa m'masiku ochepa, nkhope kubwerera, mwana kuyamba kusewera pakhonde, ndipo apa mpamene makolo ena amapempha kuti tizipita kumudzi mwana wachira, kumunda kwatsala kopanda munthu, ndalama ya thiransipoti yobwerera kulibe, kenako nkudzabwera chitabwereranso choopsa. Pulofesa Elizabeth Molyneux ku Queens pamodzi ndi Peter Hesseling wa ku Stellenbosch anathera zaka akukonza ndondomeko ya mankhwala yoti mwana wopelewera zakudya angaipirire pamalo poti magazi ndi ma antibiotic ngoperewera. WHO imati m'mayiko olemera ana a khansa opitirira 80 pa 100 amachira, m'mayiko ambiri osauka safika 30, ndipo cholinga chimene anakhazikitsa mu 2018 ndi chakuti pofika 2030 tifike 60. Burkitt ili m'gulu la khansa zisanu ndi imodzi zimene anasankha kuyambira.

Inu a HIV nanunso nkhani ndi yomweyo. Chitetezo chikatsika, EBV ndi KSHV, kachilombo koyambitsa Kaposi sarcoma, zimapeza mpata, nde mumaona diffuse large B cell lymphoma, plasmablastic, primary effusion lymphoma, Castleman disease. Ku Kamuzu Central, UNC Project ya University of North Carolina inayamba kutsata odwala lymphoma mwandondomeko cha mma 2013 motsogozedwa ndi Satish Gopal, amene mu 2020 anakakhala mkulu wa Center for Global Health ku NCI, ndipo mu 2021 anatulutsa zotsatira za kuyesa rituximab, antibody yosaka CD20, pamodzi ndi chemotherapy yotchedwa CHOP kwa odwala a ku Lilongwe, ena mwa iwo ali ndi HIV. Rituximab imeneyi ku America inavomerezedwa mu 1997. Werengani nokha zaka zapakatipo.

Kunja kuno ma labu ali pa liwiro lina. CAR-T, kutenga ma T cell a wodwala nkuwaika receptor yosaka CD19 nkuwabwezera m'thupi, ntchito imene Carl June ndi anzake anaikankha ku University of Pennsylvania, inavomerezedwa mu 2017 pa mtengo wa $475,000 munthu mmodzi. Pali ma bispecific antibody ngati blinatumomab amene amagwira T cell dzanja lino selo ya khansa dzanja linalo, pali mankhwala otseka PD-1, buleki ya ma T cell imene anaitulukira Tasuku Honjo, uja analandira Nobel mu 2018 limodzi ndi James Allison, ndipo pa Hodgkin lymphoma amagwira ntchito modabwitsa, pali venetoclax imene mizu yake ili pa kafukufuku wa BCL-2 wa ku WEHI ku Melbourne. Wina anena kuti nanga zimenezi ku Malawi zidzafika liti, si kungotaya nthawi? Ine ndimayang'ana ku India. Mu 2023 anavomereza CAR-T yawoyawo, NexCAR19, yochokera ku IIT Bombay ndi Tata Memorial, mtengo wake wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ku America. Sinagwe kumwamba, anaipanga ndi anthu amene anaphunzira ntchitoyo nkuyamba kufunsa kuti tingaichepetse bwanji mtengo. Anthu otere ifenso tikuwafuna.

Tsono njira zolowera zilipo ziwiri, ndipo anthu ambiri amazisakaniza. Yoyamba ndi ntchito ya pa grant ya pulofesa, iye anapeza kale ndalama, akufuna manja, mumapanga apply ngati ntchito ina iliyonse, intavyu pa Zoom, kontrakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu. Iyi ndi yofulumira koma funso ndi la eni ake. Yachiwiri ndi fellowship, ndalama zimabwera m'dzina lanu, inu mumapeza labu yokulandirani nkulemba proposal limodzi. Ndiyovuta, imatenga pafupifupi chaka, koma mumalowa mu labu muli ndi mawu. Ambiri amayamba ndi yoyamba nkulemba yachiwiri ali mkati, ndipo palibe cholakwika.

Marie Skłodowska-Curie Postdoctoral Fellowship ya ku Europe salabadira pasipoti, Mmalawi akhoza, bola PhD ikhale yatheka pofika deadline, musapitirire zaka 8 chiimalizireni, komanso musakhale kuti mwakhala m'dziko mukupitalo miyezi yopitirira 12 pa miyezi 36 yapitayi. Deadline imakhala mu September. Georg Forster ya Humboldt Foundation ku Germany nde inapangidwira ife a m'mayiko osauka enieni, miyezi 6 mpaka 24, ndipo amafuna muonetse kuti ntchitoyo ithandiza kwanu, nde munthu wa Burkitt kapena lymphoma ya HIV savutika kufotokoza, ndipo ku Heidelberg kuli DKFZ, malo aakulu ofufuzira za khansa ku Germany. Fellowship ya EMBO, bungwe la molecular biology la ku Europe, imafuna paper imodzi yomwe inu ndinu woyamba. Palinso Newton International Fellowship ya ku UK, Lady Tata Memorial Trust imene imathandiza kafukufuku wa leukemia, CRI Irvington ya immunology ya khansa, ndi Global Research Award ya ASH (American Society of Hematology) ya anthu ogwira ntchito kunja kwa America ndi Canada. Malamulo a zonsezi amasintha chaka ndi chaka nde muziwerenga pa webusaiti yawo, osati kudalira zimene anakuuzani mkulu wina anapanga apply kalekale.

America ndiyikambe payokha. Ma labu akuluakulu alikodi, St. Jude ku Memphis, Dana-Farber ku Boston, Memorial Sloan Kettering, Fred Hutch ku Seattle imene ili pa ubale wakale ndi Uganda Cancer Institute. Malipiro oyambira a postdoc pa sikelo ya NIH, bungwe la boma lopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo, mu 2024 anali $61,008 pachaka, mukasintha m'makwacha mutu umazungulira, koma lendi ya ku Boston kapena New York ikadutsapo zotsala nzochepa. Fellowship ya NIH yotchedwa F32 musataye nayo nthawi, ndi ya nzika ndi a green card. Komanso kuyambira 2025 zinthu zalimba, ndalama za NIH zopita kunja zasokonekera, ndipo mu August chaka chimenecho Malawi ndi Zambia anatiika pa bond ya viza ya alendo, $5,000 mpaka $15,000, moti olo kungopita ku msonkhano wa ASH wa mu December kukaonetsa poster yakhala nkhani. Sindikuti musayese, koma fufuzani kaye za viza musanathere miyezi pa proposal, ndipo mazenera ena akhale otsegula, Germany, UK, Sweden, Australia, South Africa.

Imelo yopita kwa pulofesa. Chonde anzanga, zija za "Dear Sir, I humbly submit" kenako ndime zisanu za mbiri yanu kuyambira ku pulayimale, siyani. Anthuwa amalandira ma imelo ambiri ofanana, amawerenga mizere itatu yoyamba ali pa foni mu kolido. Werengani ma paper awo awiri atatu aposachedwa, mupeze pamene ntchito yawo yathera, nde munene kuti mu paper yanu yakuti munaona chakuti mu mbewa, ine ndagwira ntchito ndi ana amene amadwala malungo kangapo pachaka ndipo ma B cell awo amaoneka mwakuti, ndikufuna kufunsa ngati zimenezi zikukhudzana, ndipo ndikuganiza zolemba Georg Forster kapena Marie Curie. CV ndi paper yanu imodzi, basi. Akapanda kuyankha kumbutsani pakatha masabata awiri, si mwano, kuno ndi mmene zimayendera. Kudzichepetsa kwathu kuja nkwabwino pamudzi, koma pa intavyu akakufunsani kuti munapanga chani nenani kuti ine ndinapanga panel iyi, ine ndinapanga analysis, musamangoti tinapanga, amaganiza kuti munali wongoonerera.

Tsono ija ndinati mugwire, ya ma sample kukwera ndege. Labu ina ikaona Mmalawi imaona khomo lolowera ku ma sample, ndipo poyamba zimakoma chifukwa aliyense akukufunani. Ndinaona mnzathu wina, dzina ndi malo sinditchula, amene anathera postdoc yake akuthamangitsa ma approval, kukonza MTA (mgwirizano wotumizira ma sample), kuyimba mafoni usiku kufunsa za dry ice, ma sample anafika bwino, sequencing anapanga wina, analysis wina, paper itatuluka dzina lake lili pakati pa anthu makumi awiri, manesi ndi ma technician amene anatenga magaziwo ali mu acknowledgement. Anabwerera kumudzi opanda luso latsopano olo limodzi. Nde pa intavyu funsani mosaopa: project yanga yeniyeni ndi iti, woyamba pa paper adzakhala ndani, analysis ndidzapanga ndekha kapena ayi, ndikamachoka nditenga chani chokayambira labu yanga, anzathu akumudzi alowa bwanji pa paper, data idzakhala kuti. Pemphaninso kuyankhula ndi ma postdoc amene anachoka mu labumo, osati amene alimo okha. Ndipo za COMREC ndi NHSRC, makomiti ovomereza kafukufuku ku Malawi, musadzalole wina akuuzeni kuti tingodutsa chakumbali, magazi amenewo ndi a mwana wa munthu, mayi ake anadinda chala pa fomu atakhulupirira inu.

Pali chinanso chimene inu mumadziwa chimene ambiri kuno sadziwa. Ka vial kakatuluka mu liquid nitrogen, mukasungunula mu water bath mpaka katsale kachidutswa kakang'ono ka ayisi, kuthira media dontho ndi dontho, kuwerenga pa microscope ndi trypan blue nkupeza theka la maselo lasanduka buluu, lafa, munthu wa kuno amangoti sample yoipa nkutaya. Inu mumadziwa kufunsa kuti magaziwa anakhala maola angati pa njinga yamoto asanafike pa centrifuge, kaya magetsi anathima jenereta inachedwa kulira, kaya nitrogen inatsika mu thanki sabata imene galimoto sinabwere. Luso lopanga sayansi yoyera pamalo ovuta ndi lenileni, mulilembe mu CV momveka, mwa manambala a ma sample ndi ma assay amene munakhazikitsa.

Zoti muwonjezere musanapite: R, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira analysis, ndithu R, chifukwa single cell RNA sequencing yalowa paliponse ndipo data yaulere ili mbwee pa GEO, nkhokwe ya data ya pa intaneti, mukhoza kutsitsa ya lymphoma nkuyamba kuphunzira Seurat, package ya R ya data yotereyi, pa laputopu yanu usiku bundle ikatsika mtengo. Mbewa ambiri simunagwirepo, musabise, amaphunzitsa, ku UK mumachita kaye kosi nkulandira laisensi ya Home Office. CRISPR ndi cloning mudzaphunzira pa bench.

Za ndalama ndi banja tisanamizane. Ku UK pa Global Talent viza pali health surcharge, ndalama yolipirira chithandizo cha chipatala, ya £1,035 pachaka munthu wamkulu mmodzi, yolipiriratu zaka zonse, nde mukakhala ndi akazi anu kapena amuna anu ndi ana awiri ndi ndalama yoti simunaigwirepo. Funsani musanasaine ngati yunivesite imabweza kapena kukongoza ndalama imeneyi, ena amatero koma sanena mukapanda kufunsa. Onjezani dipoziti ya nyumba, mwezi woyamba wopanda malipiro, ndi kumudzi kumene fizi ya ana a achimwene ikudikira inu poti mwapita kunja. Azimayi anzathu asayansi, funsani za tchuthi cha uchembere ndi mtengo wosiya mwana ku nursery, ndipo dziwani kuti ma fellowship ambiri amachotsera nthawi ya uchembere pa zaka zija amawerenga chimalizireni PhD, nde musadziwerengere nokha kuti nthawi yakutherani.

Komanso postdoc sikutanthauza kupita kunja ku chisanu kokha ayi. MLW (Malawi-Liverpool-Wellcome) ku Blantyre, KUHeS, UNC Project ku Lilongwe, Global HOPE ya Texas Children's imene ikugwira ntchito ya khansa ya ana ku Malawi, Botswana ndi Uganda kuyambira 2017, konseko kuli odwala, ma cohort ndi mafunso. Pafupi ndi kwathu pali malo a kafukufuku ngati IDM ku Cape Town, AHRI ku Durban, KEMRI-Wellcome ku Kilifi. Chimene ine ndimachikonda kwambiri ndi postdoc ya miyendo iwiri, miyezi ina kunja kuphunzira njira, miyezi ina kumudzi kuikhazikitsa, ngati mmene Crick African Network inakonzera ma fellowship ake. Ndipo pobwerera pali Wellcome Early-Career Award, zaka mpaka zisanu, malipiro anu kuphatikiza mpaka £400,000 ya kafukufuku, imene mukhoza kuigwirira ku Malawi konko, koma imafuna musakhale ndi zaka zambiri za postdoc, pafupifupi zitatu, nde muziyang'ana kalendala muli kunjako, musadzazindikire chitseko chitatsekeka.

Amene mukufuna Marie Curie ya September, pulofesa wokulandirani mumupeze chaka chikangoyamba, pofika April muzikhala mukutumizirana ma draft, chifukwa ofesi ya ma grant ya yunivesite yawo imafunanso masabata ake. Ma referee auzeni msanga ndipo muwatumizire CV ndi advert yo, musawadzidzimutse kutatsala masiku awiri. Amene muli ndi draft ya imelo kapena tsamba loyamba la proposal ndipo mukufuna wina aliwerenge, ponyani ku gulu kuja, ine ndiwerenga Loweruka ndikatuluka mu labu.